Amayi Anagawa Katundu ndi Ulusi

Amayi anga anagwira ntchito m'fakitale yosoka mayunifolomu kuyambira ali mtsikana mpaka mutu wonse utachita imvi. Mayunifolomu a ana asukulu, a alonda, a anamwino, onse anadutsa m'manja mwawo, moti mpaka lero akakumana ndi mlonda pageti la banki amayamba ayang'ana kolala yake asanayankhe moni. Kolala ikakhala yokhota amamumvera chisoni munthuyo ngati akudwala. Atapuma pantchito anayamba kulandira kapenshoni kongokwanira magetsi, madzi ndi mapiritsi a kuthamanga kwa magazi, ndipo fakitale inawapatsanso makina osokera akale amene inkafuna kutaya. Makinawo anawaika pafupi ndi windo m'chipinda chimene kale tinkagona ine ndi achemwali anga. Posakhalitsa anthu a mumsewu mwathu anayamba kubwera ndi mathalauza ong'ambika pakati, mazipi okana kutseka, ndi madiresi a anthu amene anenepa koma sakufuna kuvomera.

Ana tilipo atatu. Oyamba ndi Achimwene, munthu wa mu ofesi, wamtima wabwino zedi, koma wosatha kuona chinthu chili phee osachikonzera pulani. Amayi anawapatsa dzina loti Mapulani akadali pasukulu, ndipo dzinalo linawakanirira. Achiwiri ndi Achemwali, mphunzitsi, amakhala kutali, ndipo batani likathothoka pabulauzi yawo amangogula bulauzi ina. Ine ndine mzime. Ndimakhala chapafupi ndi kwa Amayi, ndili ndi ana anga akuluakulu, koma ndikangolowa pakhomo paja ndimasanduka Mzime wotumidwa machesi.

Bambo atamwalira, Achimwene anabwera ndi pulani. Ankafuna kuti m'nyumba muja tiikemo alendi, ndalama ya lendi izionjezera penshoni, ndipo Amayi akakhale kwa iwo m'chipinda chakumbuyo chimene anali ataikamo kale matailosi. Kunena zoona pulaniyo sinali yoipa. Penshoni inali yochepadi, denga linkadontha pakona ya khitchini, ndipo masitepe a pakhonde anali otsetsereka kukagwa mvula. Amayi anamvetsera zonse uku akutola tiulusi pasiketi yawo, kenako anati mapazi awo akudziwa nyumba imeneyi kuposa mmene mutu wa Mapulani ukudziwira ofesi yake, ndipo sachoka. Anakangana mwaulemu kwa masabata angapo mpaka Achimwene anatopa.

“Chabwino, Amayi, khalani,” anatero. “Koma tsiku limene miyendo kapena maso adzayambe kuvuta, sitidzakambirananso. Ndidzangobwera ndi galimoto.”

Amayi anavomera msangamsanga, ndipo kuyambira tsiku limenelo anayamba kusamala thupi lawo ngati katundu wobwereka. M'mawa uliwonse ankayenda ulendo wozungulira bwalo la mpira ndi mnzawo wa kufakitale, mayi wamfupi wolongolola amene tonse timamutcha a Mabatani chifukwa ntchito yawo moyo wonse inali yosokerera mabatani. Mchere anachepetsa, shuga m'tiyi anasiya, ngakhale ankadandaula tsiku lililonse kuti akumwa madzi otsukira kapu. Mapiritsi sankadumphitsa, tsiku lokaonana ndi adokotala sankaiwala. Anthu ankawayamikira kuti ndi gogo womvera malangizo. Ine ndinkadziwa kuti si madokotala amene ankawamvera. Ankaopa chipinda cha matailosi.

Pamwamba pa makina awo panali thabwa lokhomedwa misomali, ndipo pamsomali uliwonse pankakhala mpukutu wa ulusi wa mtundu wake. Chinali chizolowezi cha kufakitale. Kumeneko ukadzutsa mutu kufunafuna ulusi kapitawo ankakukalipira, choncho aliyense ankaloweza kuti wofiira uli apa, wabuluu apa, wobiriwira uko, n'kumangotambasula dzanja maso ali pansalu. Amayi ankachita chimodzimodzi kunyumba, ndipo ife tinkanyadira nazo alendo akabwera: taonani, sayang'ana n'komwe. Sitinadzifunsepo kuti mwina tsiku lina kusayang'anako kudzakhala ndi chifukwa china.

Tsiku lina Amayi atapita kuchipatala kukayezetsa magazi, Achimwene anabwera ndi opaka penti kuti awadabwitse. Anapaka chipinda chosokera chija chonse mpaka chinawala, anachotsa thabwa, n'kulibwezeretsa, ndipo ulusi anausanja okha mmene amasanjira m'sitolo, kuyambira woyera mpaka wakuda, wabuluu ndi wobiriwira atayandikana ngati pachibale. Amayi atabwera anaima pakhomo nthawi yaitali. Anayamikira penti, anathokoza mwana wawo, kenako anayendetsa zala pamisomali ija pang'onopang'ono kuchokera kumapeto mpaka kumapeto. Ine ndinkaganiza kuti akusirira.

Chaka chomwecho kunachitika maliro a amalume, mchimwene wawo wa Amayi. Tisanabalalike n'komwe, ana a malemuwo anayamba kulimbirana kabati ya mbale. Wina anagwira chitseko ichi, wina icho, kukokana mpaka mahinjesi anazuka, ndipo kabati imene aliyense ankaifuna inatsala yasa ngati munthu wopanda mano. Amayi anaonerera zonsezo. Amati chibale ndi fupa sichiola, anatero madzulo ake, koma palibe ananenapo kuti sichithyoka. Sabata yotsatira anavala diresi lawo labwino, anatiitana tonse atatu, n'kupita nafe kwa loya kukalemba wilo. Nkhani ya nyumba inatha poyera: iwo akadzapita, nyumbayo idzakhala ya tonse atatu mofanana, ndipo aliyense anamva ndi makutu ake.

Koma potuluka muja Amayi anati loya salemba za masupuni, pamene anthu amadana chifukwa cha masupuni omwewo. Choncho tinthu ta m'nyumba anati agawa okha, m'njira imene manja awo ankaidziwa. Chilichonse chokhala ndi ulusi wofiira chidzakhala cha Achimwene, wobiriwira cha Achemwali, wabuluu changa. Kwa miyezi ingapo ankangoyendayenda m'nyumba ndi singano pachifuwa. Ankasoka kamfundo kunsi kwa khushoni, kumphepete kwa katani, pakona ya bulangete. Zosasokeka ankazimanga: mwendo wa tebulo, chogwirira cha poto, chingwe cha wailesi, ngakhale simbi yositira. Anatiletsa kusuzumira, ndipo anati amene adzadule ulusi wa mnzake adzawalota iwo akadzapita.

Ine sindinkavutika mtima, chifukwa zinthu ziwiri zokha ndizo zinali zofunika, ndipo eni ake ankadziwika kalekale. Makina anali anga. Ndinaphunzira kusoka nditakhala pamiyendo ya Amayi, ndipo iwo anali atandiuza kangapo kuti makinawo sangapite kwa munthu wosadziwa kumene mafuta amathiridwa. Wotchi yapakhoma ya Bambo inali ya Achemwali, amene ali mwana ankakwera pamapewa a Bambo Lamlungu lililonse kukaipukusa ndi kakiyi kake.

Sukulu zitatsekera Achemwali anabwera kudzacheza, ndipo tsiku lina Amayi atapita kokayenda ndi a Mabatani, ife azimayi awiri akuluakulu tinachita zimene anatiletsa. Tinayamba kugubuduza makhushoni uku tikuseka ngati ana akuba shuga. Kuseka kunatha titafika pamakina. Pamwendo wake wachitsulo panali ulusi wobiriwira, womangidwa mfundo ziwiri zolimba. Achemwali anakwera pampando n'kutembenuza wotchi, ndipo kumbuyo kwake kunali wabuluu.

Zinandipweteka kwambiri, sindibisa. Ndinaganizira maulendo onse amene ndinkathamanga ndi mapiritsi, mabulangete onse amene ndinachapa, n'kumadzifunsa kuti ndinawalakwira chiyani Amayi. Achemwali nawo nkhope inagwa. Poyesa kuseka anati makinawo akawaika pabalaza n'kumaikapo maluwa, ndipo ine ndinayankha kuti wotchi yachikale ngati ija anthu amagula bwino masiku ano. Mawu amenewo onse awiri anali oluma, ndipo tonse tinadziwa. Tsiku lonse tinatsuka mbale titafulatirana. Mkangano umene Amayi ankautchinga ndi ulusi unali utalowa m'nyumba iwo akadali moyo, akudya bwino, akuyenda kuzungulira bwalo la mpira.

Mawa lake masana kunabwera mayi wina wa mumsewu mwathu atanyamula yunifolomu ya mwana wake imene Amayi anaipinda kunsi. Analankhula mozungulira, mwamanyazi, kufunsa ngati mwina ulusi wabuluu unatha, chifukwa aphunzitsi akuti diresi labuluu silingakhale ndi mzere wobiriwira. Ine ndi Achemwali tinali pakhomo la chipindacho. Amayi athu, amene ankatha kusosola mpendero wonse chifukwa cha kamsoko kamodzi kokhota, analandira diresilo osadabwa. Anapepesa, anati alikonza pompano, n'kutambasula dzanja kuthabwa. Zala zawo zinazengereza pakati pa misomali iwiri, ndipo zinabwerako ndi wobiriwira womwewo.

Achemwali anandiyang'ana, ine ndinawayang'ana. Ndinauza mayi uja kuti abwere mawa. Atatuluka, Achemwali anatsitsa mipukutu iwiri pathabwa n'kuigwira m'manja, koma asanatsegule pakamwa Amayi anawadula.

“Usandiyese mayeso ngati ana ako a kusukulu. Ndikudziwa.”

Anatiuza zonse uku akupukuta makina ndi kansanza. Zinayamba kale, penti ija isanapakidwe. Dziko linayamba kuoneka ngati ukuliyang'anira pawindo losatsuka. Wofiira ankauonabe, koma wabuluu ndi wobiriwira zinasanduka mtundu umodzi wa matope. Kulowetsa ulusi pasingano sikunawavute, chifukwa zala ndi lilime zinkaidziwa ntchitoyo, ndipo misomali inkawauza mitundu. Koma kuyambira tsiku limene misomali inasanjidwa mwatsopano, ankangotola mwamwayi. Kusanjanso okha sakanatha, poti sankaona chimene akusanja, ndipo kupempha mmodzi wa ife kukanakhala kudziulula. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiuzire ine, mwana wawo wapafupi, wobwera tsiku lililonse.

“Iwe Mzime pakamwa pako m'potayirira,” anatero. “Ndikanakuuza m'mawa, madzulo Mapulani akanafika ndi galimoto.”

Sindinakane, chifukwa zinali zoona. Ndinalira pang'ono, Achemwali nawo analira, ndipo Amayi anatiuza kuti tikalirire panja poti tikunyowetsa yunifolomu ya mwana wa eni. Nkhani ya makina ndi wotchi sitinaitchulenso. Madzulo ake tinatsuka mbale titayandikana, tikunong'onezana za chimene tingachite.

Kuchipatala cha maso Amayi anakana kwamtuwagalu. Anati diso si thalauza loti munthu angaling'ambe n'kulisokanso. Amene anawagonjetsa ndi a Mabatani, amene anabwera m'mawa wina n'kukhala pakhonde osavula nsapato zoyendera. Anati iwo anawachotsa ng'ala chaka chatha, ndipo pano amaona ngakhale zimene sakufuna kuona, monga fumbi la pamwamba pa kabati ndi makwinya a amuna awo. Anawafunsa Amayi ngati akufuna kuti anthu azidzanena kuti telala wamkulu wa mumsewu uno anamaliza ntchito yake posoka buluu ndi ulusi wa mtundu wa msipu. Mawu amenewo anawabaya pamtima, ndipo Amayi anakatenga chikwama chawo.

Adokotala anati inalidi ng'ala m'maso onse awiri, yochotseka, diso limodzi kaye kenako linalo. Ndiye kuti panalibenso zobisa, poti Achimwene ankabwera Lamlungu lililonse, ndipo munthu sungabise bandeji pankhope. Amayi anati awauza okha. Anawakhazika pabalaza n'kufotokoza mosapita m'mbali, koma za misomali sanatchule, chifukwa sankafuna kuti mwana wawo adandaule ndi mphatso yake ya penti. Maso a Achimwene anafiira. Kenako anati pangano ndi pangano. Opaleshoni ikatha Amayi akachirira kwa iwo, ndipo za kubwerera tidzaona. Tonse tinkadziwa kuti Achimwene akati tidzaona ndiye kuti aona kale. Sabata yomweyo tinamva kuti ayamba kukambirana ndi banja lina lofuna nyumba ya lendi.

Tsiku lonyamuka Amayi anatenga kachikwama kamodzi kokha. Anaphimba makina ndi nsalu, anatseka mawindo okha, ndipo potseka chitseko anagwira chogwirira nthawi yaitali kuposa mmene kiyi amafunira.

Kwa Achimwene anawasamala bwino kwambiri, ndipo mwina vuto linali lomwelo. Alamu anga, akazi a Achimwene, ndi munthu wachifundo, moti sankawalola kutsuka ngakhale kapu. Mankhwala a m'maso ankawadonthezera panthawi yake, chakudya chinkabwera pathireyi, wailesi yakanema inkayatsidwa kuti asasungulumwe. Ndikapita kukawaona ndinkawapeza atakhala pamphepete pa bedi, manja ali pamiyendo ngati mlendo wodikira basi. Palibe ankagogoda ndi zipi yokana kutseka. A Mabatani kunali kutali. Tsiku lina ndinawapeza akusosola mpendero wa katani wa m'chipindamo ndi chikhadabo kuti apeze chosoka, ndipo mtima wanga unawawa kuposa tsiku la ulusi wobiriwira lija.

Diso lachiwiri atalimasula bandeji tinalipo tonse atatu, poti Achemwali anali atapempha tchuthi. Amayi anaphethiraphethira, anayang'ana khoma, anayang'ana manja awo, kenako anandiyang'ana ine nthawi yaitali.

“Mzime, imvi izi zinayamba liti?”

Ndinati zinayamba kalekale, ndipo iwo anapukusa mutu ngati wina wawabera kanthu. Kenako maso awo anapita pakhosi pa Achimwene n'kukhazikika pamenepo. Kolala ya shati ya mu ofesi ija inali yokhota.

Adokotala atanena kuti maso apola, Amayi anapempha kuti tiwaperekeze kunyumba kwawo akatenge tinthu tina. Achimwene anasangalala, poganiza kuti tsopano Amayi avomera kusamuka, ndipo anabweretsa makatoni. Titalowa, Amayi sanakhudze katoni ngakhale imodzi. Anayamba kuyendera mfundo zawo, chipinda ndi chipinda, akugubuduza makhushoni ndi kusuzumira kunsi kwa matebulo. Zofiira zonse zinali m'malo mwake. Zinazo zinali chisokonezo chokhachokha. Mabuku a Achemwali anali ndi ulusi wanga, tepi yoyezera ndi sizasi yaikulu zinali za Achemwali, ndipo mipando iwiri yofanana ya pabalaza inali itasiyanitsidwa ngati banja lotha. Atafika pamakina n'kuona wobiriwira uja anaseka mpaka anakhala pansi, misozi ikutsika m'maso atsopano aja, ife tikuwachonderera kuti asatikite.

Ndinatenga sizasi kuti tidule mfundo zolakwikazo, koma anandigwira dzanja.

“Zisiye choncho. Mchemwali wakoyu akadzafuna kumva wotchi ya bambo ake azidzabwera kwa iwe, iwe ukadzafuna makina uzidzakwera basi kupita kwa iye. Ndinalakwitsa bwino.”

Kenako anatsitsa ulusi wonse pathabwa n'kuubwezera m'malo ake akale, msomali ndi msomali, osafotokozera munthu. Achimwene anaonerera ali chiimire, katoni ili m'manja, ndipo ndikhulupirira kuti pamenepo ndi pamene anazindikira za penti yawo, chifukwa katoniyo anaiika pansi mwakachetechete. Amayi anatenga mpukutu wa ulusi woyera, anadula kachidutswa ndi mano, n'kupita kuchitseko cha kumaso. Anamanga ulusiwo pachogwirira, mfundo ziwiri zolimba.

“Nanga woyerawo ndi wa ndani, Amayi?” anafunsa Achimwene. “Ana anu tilipo atatu.”

“Ndi wanga. Mwini nyumba sanafe.”

Achimwene anayesa kukumbutsa za pangano, koma mawu awo analibe mphamvu. Amayi anati pangano linali loti maso akavuta, ndipo avutadi, koma akonzedwa, mwinanso pano akuona bwino kuposa a anthu ena amene amapita ku ofesi kolala itapotoka. Anawauza kuti avule shatiyo. Achimwene, bwana wa anthu ambiri, anavula shati n'kukhala pampando wa makasitomala atavala vesiti yokha, akuonerera amayi awo akusosola kolala. Makina atayamba kulira anatulutsa foni, n'kupita pakhonde kukapepesa kwa banja lofuna nyumba lija. Pobwerako ananyamula kachikwama kaja kamene Amayi anali atakalongedza kale n'kukaika m'galimoto, ndipo anali atayamba kale kuyeza masitepe ndi maso.

Pano pamasitepe paja pali chitsulo chogwirira, denga la kukhitchini linakonzedwa, ndipo pali mapulani ena ambiri amene Amayi amawamvetsera uku akutola tiulusi pasiketi. M'mawa amayendabe ndi a Mabatani, ndipo onse awiri amabwerako ndi nkhani za makwinya a anthu. Tiyi wopanda shuga amamudandaulabe.

Ulusi woyera suchedwa kuda pachitseko chimene anthu amachigwira tsiku lonse, ndipo Amayi sangapirire ulusi wakuda. Ukangoyamba kuthimbirira amaudula n'kumanga wina. Sitinakambiranepo zimenezi, koma ine ndikafika m'mawa ndimayamba ndayang'ana pachogwirira ndisanagogode. Ndikudziwa kuti tsiku lina ndidzaupeza wakuda, ndipo ndimaopa tsiku limenelo kuposa mmene ndingafotokozere. Lero m'mawa ndinaupeza woyera mbee, nsonga zake zikadali zonyowa ndi malovu, ndipo ndisanapereke n'komwe moni mawu anachokera m'kati kundituma machesi.